Kodi khalidwe la munthu limadziwika pogwirana chanza?

WaPaChitakale

Akuluakulu, moni nonse. Pali njinga yamoto ya Lifo yomwe ikufuna mnyamata woti aziyendetsa kabaza pakati pa Chitakale, pa Boma ndi Likhubula kuno ku Mulanje. Anyamata omwe abwera ndi awiri. Woyamba akamapereka moni amafinya dzanja ndithu, maso ali pankhope pako osaphethira. Wachiwiri amangokhudza nsonga za zala, dzanja lili lende ngati bonongwe wofota, maso ali pansi.

Pakhomo pano maganizo agawanika. Ena akuti wofinyayo ndi wolimba mtima ndipo alibe chobisa. Ena akuti ameneyo ndi wodzimva, tsiku lomwe ndalama idzaperewere adzayankha mwano, woleredwa bwino ndi wofatsayo. Pa Facebook pakuyendanso timavidiyo tophunzitsa kuti wa dzanja lofewa usamukhulupirire pa ntchito. Inu odziwa, kagwiridwe ka chanza kamaulula chiyani kwenikweni? Pali chomwe ndingadalire pamenepa, kapena ndikutaya nthawi?

NkhosweYaKuChonde

Achimwene, moni wa chanza kuno kwathu uli ndi malamulo ake, ndipo mphamvu ya dzanja ili kumapeto kwenikweni kwa malamulowo. Mukayamba ndi kufinyako mwayambira kumchira.

Choyamba kuyang'ana ndi amene watambasula dzanja. Wamkulu ndiye amayamba, wamng'ono amadikira. Mlendo akafika pakhomo amanena odi, eni khomo amamulandira katundu ndi kumupatsa mpando kapena mphasa, ndiyeno amabwera mmodzimmodzi kudzamulonjera. Mnyamata amene wabwera kudzapempha ntchito n'kulowa pabwalo dzanja lili patsogolo, kuyamba kugwira aliyense asanakhazikidwe pansi, walumpha masitepe awiri. Mwina ndi mwano, mwinanso anakulira ku Limbe kapena ku Joni kumene zimenezi sazitsata. Musafulumire kugamula.

Chachiwiri ndi dzanja lamanzere. Moni amapereka lamanja, koma ulemu uli ku lamanzere: limagwira mkono wamanja pakati pa mfundo ya dzanja ndi chigongono. Manja onse awiri azioneka. Lamanzere likakhala m'thumba, kapena likugwira foni pakhutu, wamkulu aliyense amaona ngakhale sanena kanthu. Chipewa chivulidwe. Zomvera nyimbo zichoke m'makutu.

Chachitatu ndi msinkhu. Wamng'ono sakhala pamwamba pa wamkulu. Ngati wamkulu wakhala pansi, mwamuna amanyonyomala kapena kuwerama ndithu, mkazi amagwada kapena kupinda mawondo. Maso amakumana kamphindi kochepa, kenako wamng'ono amatsitsa ake. Pamenepa mpamene timavidiyo tanuto timasocheretsa anthu. Mwana wa ku Mthiramanja kapena kwa Mabuka anaphunzitsidwa kuti kutong'olera wamkulu maso ndi chipongwe. Ndiye mukamuona akuyang'ana pansi n'kunena kuti akubisa kanthu, mwamulanga chifukwa chomvera makolo ake.

Tsopano kagwiridwe kake. Kwa wamkulu dzanja limaperekedwa mofewa, chikhatho chonse, osafinya, osagwedeza mwamphamvu. Amene amaganiza nthawi yosiya ndi wamkuluyo. Agogo ena amakugwira dzanja mpaka atafunsa za ana, za kumunda, za amene akudwala, ndipo kulisolola iwo asanamalize n'kulakwa. Pakati pa amsinkhu umodzi m'pamene pali ufulu: kugwira chikhatho, kukolana zala zamanthu, kubwereranso ku chikhatho, ena n'kuwombana mwaphokoso uku akuseka. Moni wa patatu umenewu ndi wa anzako. Kuupereka kwa atsibweni a mkazi wako pa chinkhoswe n'kudzichotsa ulemu wekha.

Pali nthawi zina zomwe munthu woleredwa sapereka chikhatho n'komwe. Dzanja likakhala lonyowa, la matope, la girizi kapena la nsomba, amafumbata n'kupereka mfundo ya dzanja, inu n'kukhudza pamenepo. Amene sadziwa amati wanyansidwa naye, pamene mwini dzanja akumuteteza. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi, mwa mwambo wathu wa chikamwini, sagwirana: amakhala chapatali, chammbali, n'kuwomba m'manja, ngakhale mabanja ambiri masiku ano anaufewetsa mwambowu. Kwa mfumu, kuyambira nyakwawa mpaka mfumu yaikulu, umakhala pansi kapena kunyonyomala n'kuwomba m'manja mofumbata, dzanja umapereka pokhapokha iyo yatambasula lake. Pasiwa moni ndi wofewa, mawu ochepa, pepani basi, osati kugwedeza anamfedwa ngati mwakumana pa msika. Ndipo kwa abale athu Achisilamu ambiri, mwamuna ndi mkazi omwe si pachibale sagwirana chanza, amayika dzanja pamtima. Palibe kunyada pamenepo.

Ndiye chomwe moni ungakuuzeni ndi ichi: kodi munthuyu amadziwa amene akumulonjera? Musamuyeze pa inu nokha, pakuti kwa inu aliyense wofuna ntchito amasewera bwino. Muoneni akulonjera anthu anayi: gogo, mnzake wamsinkhu umodzi, mayi wapabanja, ndi munthu amene alibe chomupatsa, monga mlonda kapena mwana. Amene amagwada kwa mwini njinga koma mlonda n'kumupatsa zala ziwiri akuyang'ana kumbali, ameneyo mulembeni mumtima. Koma ngakhale pamenepa mwangodziwa za ulemu wake. Za ndalama simunadziwe kanthu. Mbava yodziwa ntchito imagwada kuposa tonsefe, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

ZaumoyoMakwasa

Bambo a ku Chonde afotokoza za mwambo, ine ndinene za dzanja lenilenilo, chifukwa anthu ambiri akunamiziridwa khalidwe loipa pamene vuto ndi thupi.

Mphamvu yofinya sichokera m'chikhatho. Minofu yaikulu yopinda zala ili pamkono, pakati pa chigongono ndi mfundo ya dzanja, ndipo imakoka zala ndi timinyewa todutsa pa kanjira kopanikizika ka pa mfundopo. Mitsempha yolamula dzanja ndi itatu, yochokera m'khosi. Pakangovuta chimodzi pa njira yonseyi, kuyambira ku ubongo mpaka ku chala, dzanja limafooka, mwini wake ali woona mtima kapena ayi.

Mphamvuyi imayezedwa ndi kachipangizo kotchedwa dynamometer. Munthu amakhala pampando, chigongono chitapindika ngati ngodya ya nyumba, n'kufinya katatu dzanja lililonse, ndipo amalemba nambala yaikulu. Mphamvu imafika pachimake munthu ali m'zaka za m'ma 30, kenako imatsika pang'onopang'ono. Amuna nthawi zambiri amaposa akazi patali, ndipo kwa amene amagwiritsa lamanja, dzanjalo limaposa lamanzere pang'ono, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Akatswiri a ku Ulaya a matenda a ukalamba amati mwamuna akalephera kufika makilogalamu 27, mkazi 16, minofu yake yafooka mofunika kuunika. Kumene kulibe kachipangizoka, ena amakulunga lamba wa makina oyezera BP, kumupopa mpaka pa 20, n'kuuza wodwala afinye, iwo n'kuwerenga pomwe muvi wafika.

Kafukufuku wamkulu pa nkhaniyi anatuluka m'chaka cha 2015 m'magazini ya zachipatala ya Lancet. Anatsata anthu pafupifupi 140,000 m'maiko 17, ndipo anapeza kuti mphamvu yofinya ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa pa zaka zomwe anawatsatazo chimakwera ndi 16 pa 100 iliyonse. Ndiye n'zoona dzanja limalankhula, koma limalankhula za thanzi.

Dzanja lofooka, ganizirani izi. Ngati ndi mbali imodzi yokha ndipo zayamba mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, mawu akukokeka, imeneyo ndi sitiroko. Muuzeni akweze manja onse awiri kutsogolo n'kuwerenga mpaka 10. Limodzi likamatsika lokha, thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo, kaya pa Boma, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo, osadikira kuti kuche. Ngati dzanzi lili pa chala chamanthu, chamkombaphala ndi chapakati, makamaka usiku mpaka kudzuka n'kumakutumula dzanja, mtsempha wapanikizika pa mfundo paja. Izi zimagwira kwambiri amayi oyembekezera, odwala shuga, ndi ogwira ntchito yobwerezabwereza ndi zala. Ngati kachala kakang'ono ndi koyandikana nako tikupindika tokha, ndipo pathupi pali banga lotuwa lomwe silimva kukhudza, kayezetseni khate. Limachizika ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, aulere, ndipo silitengedwa pa moni wa chanza. Nyamakazi nayo imapangitsa munthu kupereka nsonga za zala zokha, chifukwa amadziwa ululu womwe amaumva wina akamufinya mfundo zotupazo. Mankhwala ena a TB amabweretsa dzanzi m'mapazi ndi m'manja, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6.

Dzanja lozizira anthu amati ndi la woumira kapena wa mtima woipa. Abale, kuno ndi ku Mulanje ndi ku Thyolo. M'mwezi wa June ndi July chiperoni chikagwa, mitsempha ya magazi ya m'zala imafinyika kuti thupi lisunge kutentha, ndipo amene wayenda pa njinga kuchokera ku Thekerani m'mawa dzanja lake limakhala ngati mwala wa mu Ruo. Kuchepa kwa magazi kumachitanso zomwezo. Tsegulani chikhathocho muone ngati chayera. Dzanja la thukuta nthawi zambiri ndi mantha chabe, ndipo mnyamata wosauka amene wabwera kudzapempha ntchito kwa mwini chuma angaleke bwanji kuchita mantha? Ena anabadwa choncho, zikhatho zimatuluka thukuta ngakhale ali phee. Likakhala lofunda, lonyowa, lonjenjemera pang'ono, munthuyo akuwonda chonsecho akudya bwino, mtima ukugunda mofulumira, tiyang'ane chithokomiro pakhosi.

Kunjenjemera kokha ndiko kumakukhudzani pa nkhani ya kabaza. Mankhwala opopera a mphumu amanjenjemeretsa, tiyi wambiri wopanda chakudya amanjenjemeretsa, mantha nawonso. Koma amene manja amanjenjemera m'mawa uliwonse n'kusiya akalawa kachasu, ameneyo thupi lake linazolowera mowa ndipo njinga musamupatse. Mumuone 6 koloko m'mawa, masiku osiyanasiyana, osamuuza kuti mukubwera.

Kunenanso za ntchito: wothyola tiyi amagwira ndi chala chamanthu ndi chamkombaphala tsiku lonse, masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri, m'mame ndi m'mvula, makamaka kuyambira December mpaka April. Zala zake zimada, khungu limang'ambika m'mbali mwa zikhadabo. Madzulo munthu wotere akakupatsani dzanja mosafuna, ndi ululu. Wonyamula katundu wa alendo pa Likhubula, wocheka matabwa, woswa miyala, amakufinyani osadziwa n'komwe kuti wafinya.

Ndisaiwale: kolera, matenda otsegula m'mimba, chimfine ndi matenda a maso ofiira aja amayenda pa manja. HIV siyenda pa moni. Kuyambira 2020 nthawi ya Covid-19, ndi kolera wa 2022 mpaka 2023, anthu ambiri anazolowera kugundana zigongono kapena zibakera. Wokana chanza mwina akungosamala. Sopo ndi madzi oyenda, masekondi 20, musanadye.

WaPaChitakale

Zikomo akuluakulu. Koma ndifunsebe: azungu akamayamikira dzanja lolimba, amangopeka? Paja amati pali kafukufuku.

MphunzitsiWaLuchenza

Sakupeka, achimwene, kafukufuku alipo, kungoti amene amapanga timavidiyo amamukuza kuposa msinkhu wake.

Wodziwika kwambiri anachitika pa yunivesite ya Alabama ku America, n'kusindikizidwa m'chaka cha 2000, motsogozedwa ndi William Chaplin. Anatenga ophunzira 112. Anthu anayi ophunzitsidwa bwino anagwirana nawo chanza, aliyense kawiri, n'kulemba za mphamvu, kutalika kwa nthawi, ngati chikhatho chagwira chonse, ndi ngati maso anakumana. Ophunzirawo anayankhanso mafunso okhudza chikhalidwe chawo. Zomwe zinapezeka n'zakuti ogwira molimba ambiri anali omasuka pagulu, opanda manyazi kwambiri, osada nkhawa msanga. Basi. Palibe anayeza ngati amabweza ngongole kapena ngati angasinthe batire la njinga ya mwini.

Wina anachitika ku Iowa, n'kutuluka mu 2008, pa ophunzira 98 omwe anayeserera mayeso ofunsira ntchito. Omwe anagwira chanza molimba anapatsidwa mapointi ambiri ndi ofunsawo. Tawerengani bwino pamenepo: zikutiuza za ofunsa, kuti amakopeka ndi dzanja. Sizikutiuza kuti olembedwawo anakagwira bwino ntchito. Ndipo onsewa ndi ana a sukulu a ku America, kumene mwana amaphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono kuti finya ndipo yang'ana m'maso. Kumeneko dzanja lofewa likhoza kusonyezadi manyazi, chifukwa mwanayo walephera chomwe anaphunzitsidwa. Kuno dzanja lofewa kwa wamkulu ndi mwana amene wakhoza chomwe anaphunzitsidwa. Muyezo wa kwina sungayezere chimanga cha kuno.

Pa za kuzindikira wabodza, mu 2006 akatswiri awiri, Bond ndi DePaulo, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 200. Anapeza kuti anthu akamayesa kusiyanitsa wonama ndi wonena zoona pongomuyang'ana ndi kumumvera, amalondola ka 54 pa 100. Kuponya khobidi m'mwamba kumalondola ka 50. Tonsefe timadziona ngati akatswiri owerenga anthu, koma kusiyana kwathu ndi khobidi ndi kanayi kokha. Chimene chimatinamiza n'chakuti timakumbukira tsiku lomwe tinalondola, masiku omwe tinaphonya timaiwala. Komanso kagwiridwe ka chanza munthu amaphunzira m'mphindi zisanu. Amene cholinga chake ndi kukupusitsani ndiye woyamba kuphunzira. Akuchalitchi akumbuka Yowabu, amene anagwira ndevu za Amasa ndi dzanja lamanja ngati akumulonjera mwachikondi, lupanga lili ku dzanja linalo.

Ndipo ife a dera lino tili ndi chifukwa chathu chochitira mantha ndi kuwerenga anthu pa zizindikiro. Mu September ndi October 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa chifukwa choti nkhope ndi yachilendo, wanyamula chikwama, sanalonjere bwino, wayankha mochita chibwibwi. Palibe ndi mmodzi yemwe anapezeka akupopa magazi. Zikhulupiriro zoti wina akakugwira dzanja pa msika ndalama zisowa m'thumba ndi mtundu womwewo. Pa msika wa Luchenza kapena wa Bvumbwe ndalama ikasowa pa moni, yang'anani mnzake wa wokulonjeraniyo amene anaima kumbuyo kwanu.

MayiWaPaBvumbwe

Aphunzitsi, manambala anuwo ndawamva, koma musatichotsere zonse. Pali zina zomwe dzanja limaulula poyera, ndipo amayi timazidziwa chifukwa zimachitikira ife, inu abambo simuziona ngakhale mutaima pomwepo.

Mwamuna akamalonjera mkazi n'kumukanda pachikhatho ndi chala chapakati, kumeneko si kulakwitsa, ndi kufunsira kwachinsinsi, ndipo amasankha dala nthawi yomwe pali anthu podziwa kuti mkaziyo achita manyazi kukuwa. Wina amasisita kuseri kwa dzanja ndi chala chamanthu. Wina amagwira osasiya, iwe ukukoka iye akulimbitsa, uku akuseka ngati nthabwala. Wina amakukokera kwa iye. Kusiyana kwake ndi agogo aja anena bambo a ku Chonde n'koonekeratu: agogo ukangofewetsa dzanja pang'ono ngati pali chokuvuta, amasiya. Uyu amamva kuti ukufuna kuchoka, n'kukana. Pamenepo simukulosera za khalidwe ayi, khalidwelo mwaligwira likuchitika. Chimodzimodzi amene amafinya dzanja la nkhalamba kapena la mwana mpaka kumva kuwawa, ataona nkhope yakwinyika iye osaleka.

Ndiye achimwene a pa Chitakale, kumbukirani amene adzakwere njingayo. Ndi amayi opita ku Limbuli ndi madengu a nanazi ndi tomato, amayi oyembekezera opita ku sikelo, atsikana a sukulu, nthawi zina madzulo m'misewu ya m'minda ya tiyi mopanda nyumba. Mnyamata wa manja osakhazikika, amayi amauzana pa mjigo ndi pa chigayo, sabata imodzi yokha njinga yanu izingoima pa siteji. Musafunse amuna anzake za iye. Tumani mlongo wanu kapena mayi a kunyumba akafunse amayi ogulitsa pafupi ndi pomwe amakhala. Funso likhale lolunjika: mwana wanu wamkazi mungamukweze kwa ameneyu usiku? Yankho likachedwa kubwera, mwamva kale.

Kwa atsikana amene mukuwerenga: simukakamizidwa kupereka dzanja. Gwirizanitsani zikhatho zanu pachifuwa, pindani mawondo pang'ono, wombani kawiri, nenani zikomo. Ndi ulemu wokwanira pa mwambo wathu, palibe wamkulu angakudzudzuleni. Wina akakukandani, sololani dzanja n'kufunsa mokweza kuti, bambo, chala chanucho chikuyabwa? Amadalira kukhala chete kwanu.

MakanikiWaLimbuli

Bwana, zonse zanenedwazi n'zabwino, koma njinga yanu sidzatetezedwa ndi moni. Tiyeni ku ntchito.

Yambani ndi mapepala. Chitupa cha unzika muchione chenicheni, osati chithunzi cha pafoni, ndipo mujambule mbali zonse ziwiri. Laisensi ikhale yoyenera: A1 ndi ya njinga zosaposa 125cc, yoposa pamenepo imafuna A. Kalata ya nyakwawa ya kumudzi kwake, ndipo kumudziko mupiteko ndi mapazi anu, muone khomo lomwe amagona. Mboni zikhale ziwiri, imodzi ikhale mwinimbumba wake kapena m'bale wa nyumba ndi munda wodziwika, osati mnzake wa pa siteji amene mawa adzakhala ali ku Milange ku Mozambique. Kenako kacheze ndi tcheyamani wa siteji yomwe ankagwirapo kale, ndiponso mwini njinga yomwe ankayendetsa. Mufunse chinthu chimodzi: anasiyana bwanji? Mnyamata akamazemba kutchula bwana wake wakale, chimenecho chikuposa moni chikwi.

Pangano lilembedwe, asaine iye, inu ndi mboni. Mulembe ndalama ya pa tsiku, tsiku lomwe ndalama zomwe wapeza ndi zake, amene agula mafuta, oyilo ndi matayala, amene alipira apolisi akagwira chifukwa chosavala chipewa kapena kukweza anthu atatu, nthawi yoimika njinga ndi komwe igona. Mulembenso kuti sabwereketsa kwa wina, ndipo sawoloka nayo malire a dziko pa Muloza popanda inu kudziwa. Ndalama izibwera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti tsiku ndi nthawi zizioneka zokha. Za pamanja zimabala mikangano ya ndinakupatsani dzana.

Musanapereke kiyi, lembani nambala ya injini ndi ya chesesi, ndi makilomita omwe ali pa wotchi. Jambulani matayala, batire, kabuleta ndi pulagi. Dontheza penti pang'ono pa manati a mawilo ndi a batire. Kuba kwa pa kabaza nthawi zambiri si kuthawa ndi njinga, ndi kusintha: tayala latsopano kupita, lakale kubwera, batire chimodzimodzi. Penti ikasweka mudziwa kuti sipanala yadutsapo. Ena amamasula kachingwe ka wotchi pa wilo la kutsogolo kuti makilomita asawerengeke. Mukaona nambala sikusuntha chonsecho matayala akutha, funsani. M'misewu yathu ya fumbi ndi matope oyilo asinthidwe pafupifupi makilomita 1,000 aliwonse, ndipo muzikhalapo kapena muziona botolo lotsegulidwa pamaso panu, chifukwa oyilo wakuda wothiridwa m'botolo latsopano wapha injini zambiri. Tcheni chizigwedera masentimita awiri kapena atatu pakati. Chikalimba kwambiri chimadya masipuroketi, chikalendewera chimavuka pa chitunda.

Anyamata anuwo apatseni masabata awiri aliyense. Tsiku loyenera kuliyang'anitsitsa si lomwe ndalama yakwana, ndi lomwe yaperewera, mvula itagwa tsiku lonse kapena tayala litaphulika. Wina amaimba foni masana kunena vuto, madzulo n'kubweretsa yomwe yapezeka. Wina foni imazima, mawa n'kubwera ndi nkhani yaitali ya maliro a azakhali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo mukwere kumbuyo kwake, mumutengere njira yoterera mvula itangogwa. Apa ndiye ndiseke pang'ono ndi a dzanja lofinya aja. Buleki ya kutsogolo ili ku dzanja lamanja, lomwelo la moni. Pa dothi lofiira lonyowa la kuno, wofinya buleki imeneyo mwamphamvu kamodzi wilo limakanirira, njinga n'kugona pansi ndi pasenjala yemwe. Woyendetsa bwino amayamba ndi giya yotsika ndi buleki ya phazi, ya kutsogolo amaikoka pang'onopang'ono ndi zala ziwiri kapena zitatu. Sindikunena kuti mnyamata wanu woyambayo amayendetsa moipa. Ndikuti mukamuone pa chitsetso.

ZaumoyoMakwasa

Ndiwonjezere pa zomwe anena amakaniki, za mnyamata wachiwiri uja. Kuti mudziwe ngati kufewa kwa dzanja lake ndi ulemu kapena kufooka, mupatseni zala zanu ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, ku dzanja lililonse nthawi imodzi, mumuuze afinye ndi mphamvu zonse osaopa, inu muyese kusolola. Mbali zonse zikhale zofanana kapena kusiyana pang'ono. Kenako injini ili yozima akoke kalachi mpaka kumapeto ka 20 motsatizana, muone ngati zala zonse zinayi zikutseka bwino ndipo sakukutumula dzanja pambuyo pake. Kalachi ili kumanzere, dzanja lomwe pa moni limangogwira mkono.